Kamuvi Kanayenda Kokha

Kamuvi kanayenda kokha. Felistus Njobvu sanagwire mausi; zala zake zonse zinali pa mabatani, pakati pa chiganizo. Koma kamuvi koyera kaja kananyamuka pakona ya sikirini, kanadutsa pakati pa kalata imene ankataipa, kanatsitsa tsamba mpaka pansi, kenako n'kulibweza pamwamba, monga amachitira munthu wofuna kuona dzina la mwini kalata.

"A Mvula, mwagwedeza tebulo?"

"Ine? Manja yanga ni aya, amake Jesse. Yali pa chisote."

Lighton Mvula anakweza manja onse awiri kuti aoneke. Anali mdala wa ku Katete, wamtali, wogontha khutu limodzi chifukwa cha phokoso la makina oluka masaka amene anawayang'anira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. M'mwezi wa Malichi eni atsopano a fakitaleyo anamugwira chanza, namuuza kuti akapume. Kupumako sikunamuwawe kwenikweni. Chimene chinkamuwondetsa chinali nyumba.

Chaka chimenecho, 2000, nyumba za kampani ku Estates zinkagulitsidwa kwa okhalamo. Mndandanda utatuluka, dzina la Lighton munalibe, ati chifukwa anasiya ntchito kutatsala milungu iwiri kuti tsiku lowerengera anthu lifike. Komiti ya ku Lusaka inali kudzamva madandaulo Lachitatu la sabata yotsatira, koma inanenetsa kuti kalata ikhale ya Chingerezi ndiponso yotaipa. Yolemba pamanja sankaiyang'ana n'komwe. Ndiye mdalayo akanapita kwa yani? Felistus ndiye anali wotaipa yekhayo wotsala pa kampani, mkazi wa malemu mnzake, ndipo anali Lighton yemweyo amene anamupezera ntchitoyo zaka makumi awiri zapitazo.

Dzina la Felistus linalimo mu mndandanda. Nyumba 214, ya zipinda zitatu, mtengo wa mapeyala kuseri. Ana ake onse anayi anakulira m'menemo, ndipo maliro a mwamuna wake anagona m'menemo. Lamulo linali limodzi lokha: tsiku losaina mapepala, kumapeto kwa Julaye, limupeze akadali pa ntchito. Munthu akachotsedwa chifukwa cha mlandu, nyumba yake inkapita kwa wantchito wina.

Kamuvi kanagwedezekanso.

"Zimyani chinthu ichi," anatero Lighton akukankhira mpando wake kumbuyo. "Ine n'nakamba kudala. Makina yamene siyalira osayakhulupirira. Muli munthu umu."

"Muli munthu zoona, bashikulu." Amene anayankha anali Winfrida, mayi wosesa m'maofesi, ataima pakhomo ndi ndowa yake. "Ni ba Given."

"Given wachita chani?" anafunsa Felistus.

"Imwe simuziba? Ine nikasesa mu ofesi mwao kumwamba, nimaona. Vonse vamene mulemba kuno vimaonekera pa kompyuta yao. Mau yamabwera yeka, limodzi limodzi, monga muli kuja. Mukalakwitsa n'kufuta, na kuja vifutika. Ine n'nali kuganiza ati muziba."

Felistus anasunga kalata ija mu kompyuta, nauza Lighton kuti yatsala ndime imodzi yokha, abwere tsiku lina. Kenako anavula magalasi, nawaika m'thumba, n'kulunjika masitepe.

Tsono wina asaganize kuti mayiyu ankaba. Pa fakitale imeneyo ola la nkhomaliro linali la anthu kuyambira nthawi imene fakitaleyo inali ya boma. Ikangokwana 1 koloko, amakina, madalaivala ndi alonda ankabwera ndi timapepala tawo: wina pulogalamu ya maliro, wina kalata ya kwa ahedi a sukulu, wina pempho la ntchito la mwana wake. Felistus ankawamvetsera m'Chinyanja, n'kuwaveka Chingerezi chosita bwino. Sankalandira kanthu, kupatula zikomo ndi nsomba ziwiri za ku mtsinje mwa apo ndi apo. Mabwana akale ankadziwa, ndipo ena a iwo ankabweretsa zawo. Eni atsopano atabwera anapachika chikalata pa bolodi, chonena kuti katundu wa kampani ndi wa ntchito ya kampani basi. Anthu anachiwerenga, nachiseka, monga ankasekera zikalata zonse za pa bolodi.

Given Chisanga anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, tayi wofiira, Baibulo pambali pa kompyuta, ndi satifiketi ya m'felemu kukhoma. Eni atsopano ndiwo anabwera naye kuti aziyang'anira makompyuta onse. Lamlungu ankatsogolera achinyamata kuimba ku tchalitchi cha Pentekosti, ndipo fakitale yonse inkadziwa kuti ukwati wake uli mu Ogasiti, pakuti iye mwini sankalola munthu kuiwala. Inkadziwanso kuti ankagona m'kachipinda kamodzi ka lendi ku komboni.

Felistus analowa osagogoda, ndipo anachiona ndi maso ake. Pa sikirini yaikulu ya kompyuta yatsopano panali kazenera, ndipo m'kazeneramo munali sikirini yake ya pansi ija, yonse monga anaisiyira, dzina la Lighton Mvula lili pamwamba.

"Iwe Given, ichi n'chani?"

"Mwachoma bwanji, ba Felistus. Kwanu simugogoda?" Mnyamatayo sanaimirire.

"Nakufunsa."

"Ni network, mami. Ka nthambo ka buluu kaja tinaika kumbuyo kwa chikompyuta chanu. N'naikamo ka pulogalamu kuti chikafa nizichikonza nili kuno, osati kutsika masitepe nthawi zonse. Chikompyuta chija n'chakudala maningi. Chifunika kuchiyang'anira monga nkhalamba."

"Nanga lelo chinafa?"

"Lelo nalakwitsa chabe. Pali pochonga kuti nizingoona, osagwira. Naiwala kuchonga, so mausi yanga yayenda kwanu. Pepani ngati nakuyofyani." Anamwetulira, nadina batani limodzi pakona ya mabatani, nagwira mausi kawiri katatu. Printa inalira. Pepala linatuluka lofunda, kalata ya Lighton ili pamenepo monga chithunzi. "Mwaona? Batani imodzi chabe."

"Wajambula vingati?"

"Vokwanira."

"Mwana wopanda mwambo iwe! Ine n'nayamba kutaipa pano iwe ukali kuvala matewera."

"Ndiye vuto yamene iyo, mami. Mukali kusebenza monga nthawi ya matewera yanga. Baibo ikamba ati kulibe chobisika chamene sichizaululika."

"Ikambanso chani za munthu wosuzumira pa windo ya mkazi wamasiye?"

Given anatembenukira ku kompyuta yake. "Mukatuluka muvale chitseko. Mphepo yozizira ithawa."

"Chaona mnzako chapita," anatero Felistus. Sanamalize mwambiwo, ndipo chitseko anachisiya chotsegula.

Kalata ya mlandu inamupeza Lachiwiri m'mawa: kugwiritsa ntchito katundu wa kampani molakwika, mlandu wochotsetsa ntchito. Akaonekere Lachinayi. Mbiri inayenda msanga kuposa kalatayo. Masana amenewo pakhomo pake panalibe munthu, ndipo aja anawalembera makalata zaka zonsezi ankati akamuona akubwera, ankapeza chowerama nacho pa nsapato zawo. Zimenezo zinamupweteka kuposa mlandu. Lighton yekha ndiye anabwera kudzapepesa, chisote chili m'manja. Felistus anamuuza kuti asade nkhawa: Loweruka adzakhala pansi kunyumba, adzailembanso pamanja, ndipo Lolemba akaitaipitsa ku sitolo ya ku boma. Komiti inali Lachitatu. Nthawi inalipo.

Woweruza mlandu anali Lastone Hamaundu, mkulu woona za antchito, bambo wa ku Mazabuka wolankhula motsitsa. Anapulumuka nthawi ya boma, napulumukanso nthawi ya eni atsopano, ndipo luso lake lonse linali kuvomereza aliyense amene wakhala pamwamba. Woimira yuniyoni panalibe, chifukwa naye anamugwira chanza mu Malichi. M'chipindamo munali anthu atatu okha ndi mapepala khumi ndi limodzi.

Given anawayala pa tebulo mwaulemu ngati akuyala nsalu ya paguwa. Pamwamba pa pepala lililonse anali atalemba deti ndi bolopeni. Pulogalamu ya maliro a mwana wa mlonda. Kalata ya dalaivala yopempha malo a giredi 8. Kalata ya Lighton, zithunzi zitatu.

"Mai Njobvu, ivi munalemba ndimwe?" anafunsa Hamaundu.

"Ndine."

"Pa kompyuta ya kampani?"

"Pa lanchi, ba Hamaundu. Monga mwamene n'nakulemberani kalata ya munda wanu uja chaka chatha."

Hamaundu anatsokomola. "Iyo siili pa tebulo pano. Chikalata cha pa bolodi munachiona?"

"N'nachitaipa ndine."

"Ndiye kulibe vokamba vambiri. Muli na mau yothera?"

Felistus anavala magalasi. Anakoka mapepala aja n'kuyamba kuwawerenga. Sankafunafuna kanthu, anali mantha chabe. Koma wotaipa sawerenga ngati anthu ena. Anthu amawerenga nkhani. Iye amawerenga pepala, kuyambira pamwamba mpaka pansi penipeni ndi m'mphepete momwe, chifukwa cholakwa chimakonda kubisala kumene maso a bwana safikako. Zaka makumi awiri za kukalipiridwa chifukwa cha kadontho zinamuphunzitsa zimenezo.

Pansi pa chithunzi chilichonse panali timizere tiwiri totuwa. Kapamwamba ankakadziwa: ndi kaja kamakhala pansi pa sikirini yake, kosonyeza dzina la kalata imene yatsegulidwa. Koma kachiwiri, kapansi penipeni, kanali kachilendo. Nakonso kanali ndi timabokosi ta maina, tolembedwa ting'onoting'ono. Anayandikiza pepala kumaso. Anatenga lachiwiri, kenako lachisanu.

"Ba Given," anatero mofatsa, "niphunzitseniko, ine ndine wakudala. Ivi vithunzi mumajambula bwanji?"

Given anakonza tayi. Palibe chimene ankachikonda kuposa kufotokoza. "N'chapafupi. Nikadina batani ija, ijambula vonse vili pa sikirini. Vonse, kulibe chotsala."

"Sikirini ya ndani?"

"Yanga. Yanu imakhala mukati mwa yanga."

"Oho. So aka kamzere kapamwamba ni kanga."

"Ni kanu."

"Nanga aka kapansi?"

Given anayang'ana pamene panali chala cha mayiyo.

"Ba Hamaundu, maso yanga yatha. Niwerengereniko apa."

Hamaundu anatenga pepala, naliika patali, nalibweza pafupi. Anawerenga mau a Chingerezi aja pang'onopang'ono. "Application… house… 214."

"Nyumba 214 ni ya ndani, ba Hamaundu?"

"Ni yanu."

"Deti yamene walemba yeka pamwamba apo ni chani?"

"12 Juni."

"Pa 12 Juni ine n'nalibe mlandu. N'nali mu nyumba yanga, nisesa pa lubanza. Uyu mwana anali kulemba kale kalata yopempha nyumba yanga, uku anisuzumira. Ni ndani amapempha nyumba ili na munthu mukati, ngati saziba kuti munthuyo azachoka?" Anagogoda mapepala ndi chala. "Ili pa iyi. Ili pa iyi. Na pa iyi. Wazijambula weka, mwana iwe."

Amati fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma fisi uyu anayankhula. Anaimirira mpaka mpando unagwa chagada.

"Ee, n'nalemba! Ni mlandu kupempha? Imwe mwakhala mu nyumba ya kampani twenty years, na manje bakupatsani kuti ikhale yanu. Ise tinabadwa mochedwa, tikhale kuti? Muziba kwamene nigona? Ka room kamodzi, chimbuzi tigawana anthu fifitini. Nikwatira mu Ogasiti, nizamupeleka kuti mkazi? Ana banu ni bakulu, mami. Imwe munadya kale nthawi yanu. Munadya kampani mpaka inagwa, manje mufuna na nyumba!"

"Ndiwe mfiti," anatero Felistus. "Uimba mu tchalitchi na pakamwa pamene apo?"

"Lamulo munaphwanya ndimwe, osati ine!"

"Kwamana! Khalani pansi nonse!" Hamaundu anamenya tebulo, chinthu chimene mwina anali asanachitepo chiyambire ntchito. Ananyamuka, nakaona ngati chitseko chinali chotseka bwino. Atabwerera anasonkhanitsa mapepala aja, nawatembenuza chafufumimba.

Felistus anaganiza kuti wapambana. Anaiwala kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pa fakitale yonse panalibe wina wodziwa kumene nthambo za buluu zija zinkachokera ndi kumene zinkapita, ndipo Hamaundu sakanapita kwa eni ake kukanena kuti mnyamata wawo wokondedwa ndi kafisi. Komanso sakanachotsa mayiyo ndi mapepala otere, oti tsiku lina angakawerengedwe ku ofesi ya boma ya za antchito. Anachita chimene ankachita nthawi zonse: anadula pakati, mbali yaikulu n'kupatsa wamphamvu.

"Mai Njobvu, nchito simuchoka. Koma iyi ni chenjezo yothera. Kalata imodzi chabe ya munthu wakunja pa kompyuta ija, olo mzere umodzi, olo pa lanchi, muchoka tsiku yamene iyo. Kulibe kukhala pansi futi. Mwamvera?"

"Nanga uyu?"

"Uyu nizakamba naye."

"Nanga nthambo yake ija?"

"Nthambo ni lamulo ya kampani. Ikhala."

Potsika masitepe Given anamudutsa, nayankhula osamuyang'ana. "Masabata yatatu ni yatali, mami."

Popeza panalibe wotaipa wina, kalata ya chenjezo Felistus anaitaipa yekha masana omwewo, kuchokera pa zimene Hamaundu anakanda pa pepala. Ankadziwa kuti kumwamba kuli maso akuwerenga chilembo chilichonse chikamatuluka. Anakhala chowongoka, nataipa dzina lake, mlandu wake ndi chilango chake, osalakwitsa ngakhale kadontho. Misozi anakaigwetsera kuchimbudzi.

Lachisanu anagwira ntchito ngati munthu amene wina wamuimirira kumbuyo. Kamuvi sikanayende kokha, koma zimenezo sizinamutonthoze. Mnyamata uja sakanaiwalanso kuchonga. Ngakhale potaipa kalata ya oda ya ulusi ankadzifunsa ngati siingaoneke molakwika. Pa nkhomaliro anatulutsa mbatata yake, natembenuzira mpando kukhoma.

Itangopitirira 1 koloko chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali Lighton, thukuta lili chuchuchu, jekete la ku tchalitchi atalimanga mabatani mosemphanitsa.

"Amake Jesse, abwera! Akomiti abwera lelo!"

"Lelo? Si pa Chitatu?"

"Asintha. Amata pepala pa geti m'mawa. Ali mu holo, ati ikakwana 14 hours avala mafaelo, abwerera ku Lusaka. N'napita na kalata yamene ananilembera muzukulu, anibwezera. Ati yotaipa chabe." Anapuma movutikira. "Ija kalata yanga ilimo umu, si ndiye? Munati yatsala pang'ono."

Inalimo. Inali ndi madeti onse, nambala yake ya ntchito, ndi zaka zake zonse zoikidwa mwadongosolo. Inkangofuna ndime yotsiriza ndi kudina kuti ituluke. Felistus anayang'ana kompyuta ija, yachikasu ndi ukalamba, ikung'ung'uza pa tebulo. Anayang'ana kanthambo ka buluu kotuluka kuseri kwake, kokwera khoma n'kulowa m'denga.

"A Mvula, siningakwanitse."

"Mwati chani?" Mdalayo anatembenuza khutu lakumva.

"Nati siningakwanitse! Anipatsa chenjezo dzulo. Nikangoitsegula chabe, uja azajambula. Nichoka lelo lamene, na nyumba iyenda."

"Maminiti yangati, amake Jesse? Yasanu?"

"Olo imodzi. Lekani nilembe pamanja msangamsanga, muthamange nayo ku boma akataipe."

"Ku boma? Minibasi iyembekeza kuzala, nikafike, nipeze mzere, nibwerere, 14 hours ikali kuniyembekeza? Musaniseke, mwana wanga." Anayandikira tebulo, natsitsa mau. "Chotsani nthambo iyo. Ine nizaimirira pa chitseko."

"Nikachotsa, kwake kuzazima, azatsika kuzaona. Ndiye mlandu wina."

"Amuna anu n'nawanyamula ine pa phewa kuchoka mu nyumba ija."

"Niziba."

"Nchito ino n'nakupempherani ine, kwa mzungu wa ndevu uja, n'nagwada."

"Niziba, atate! Niziba vonse! Koma nili na ana. Nikataya nyumba nizayenda kuti?"

"Nanga ine nizayenda kuti? Ku Katete n'nachoka na zaka 19. Kulibe olo mtengo uniziba kuja."

Felistus anaika manja ake pansi pa tebulo, nawapanikiza ndi mawondo, chifukwa ankaopa kuti angachite okha chimene iye anakana. Ankadzida pa nthawi imeneyo, ankamuda Given, ndipo ankamudanso mdalayo chifukwa choimirira pamenepo ndi jekete lomanga mokhota. Lighton anadikira. Wotchi ya kukhoma inayenda mphindi zitatu zathunthu.

"Fodya wako ni uja ali pamphuno," anatero mdalayo potsiriza. "N'naiwala." Anavala chisote chake m'nyumba momwemo, natuluka.

Masana onsewo Felistus anataipa makalata anayi a kampani. Cha m'ma 4 koloko Winfrida analowa ndi tsache lake, akuimba kanyimbo ka m'mphuno.

"Lelo mwapumako, ba Felistus. Kulibe wokusuzumirani."

"Ukamba chani?"

"Ba Given. Simunamve? Ba Hamaundu anabatuma ku Lusaka kukatenga vitsulo va makompyuta, ati bachokeko pang'ono mpaka nkhani izizire. Banakwera minibasi ya m'mawa. Ofesi yao n'nakhoma ndine, makiyi aya. Kompyuta yao ni yozima, nayiphimba na nsalu."

"Kuyambira nthawi bwanji?"

"Kuyambira m'mawa, nakamba. Nanga mwatuwa chani?"

Felistus anakoka mpando. Anatsegula kalata ya Lighton, nalemba ndime yotsala ija osaganiza n'komwe, pakuti inali m'mutu mwake kuyambira Lolemba. Anadina. Printa yakale inakhosomola, n'kulavula pepala. Zonsezo sizinathe mphindi zinayi.

Anathamanga nalo mayi wamkulu, nsapato zikuwomba pa simenti, kudutsa nyumba ya makina mpaka ku holo. Anapeza chitseko chokhoma ndi mipando yosanjikiza. Mlonda anamuuza kuti galimoto ya akomiti inatuluka 2 koloko itangopitirira.

Lighton anali kunja kwa geti, atakhala pa kakhoma ka ngalande, akuyang'ana malole opita ku fakitale ya feteleza. Felistus anaima patsogolo pake akupuma mwabefu, namutambasulira kalata ija ndi manja awiri.

"Atate, sin'nazibe. Kunalibe munthu kumwamba. Mwina tikaituma ku Lusaka…"

"Avala mafaelo. Anakamba pamaso panga." Mdalayo analandira pepalalo, naliyang'ana nthawi yaitali, ngakhale kuti Chingerezi chake chinali cha pa makina basi. Anapeza dzina lake, naligwira ndi chala. "Yaoneka bwino. Mumalemba bwino, amake Jesse, kuyambira kudala."

Analipinda kamodzi, mosamala, namubwezera.

"Sungani. Mukaipachike mu nyumba yanu."

Kumapeto kwa Julaye Felistus anasaina mapepala, ndipo nyumba 214 inakhala yake. Ya Lighton, mizere iwiri kuseri kwa yake, kampani inaipereka kwa wantchito wina. Loweruka la sabata yachiwiri ya Ogasiti, akuyanika zovala pansi pa mtengo wa mapeyala, anamva achinyamata a ku Pentekosti akuimba kumeneko, akutsitsa katundu wa Given pa lole.